Kudikira Chiphaso ndi Manja Oyera

PHUNZIRO 9

SABATA MASANA

Werengani pa phunziro la sabata ino: Nehemiya 1:1–2:9, Ezara 5:3–6:12, Machitidwe 24:22–25:12, 1 Samueli 13:5–14, Levitiko 19:33, 34, Danieli 7:9–14, 2 Petro 3:3–13.

Vesi loloweza: Habakuku 2:3. Liwerengeni m'Baibulo lanu, ndipo muliloweze.

Mfundo yaikulu: Anthu amachedwetsa anzawo chifukwa cha kufooka, kusasamala kapena dyera, koma Mulungu akaoneka ngati wachedwa, chifukwa chake ndi chifundo. Wokhulupirira ayenera kusiyanitsa ziwirizi, kuti adikire osadetsa manja ake ndiponso osataya mtima.

M'midzi yozungulira Kasina, monga m'madera ena a boma la Dedza, mabanja ambiri ali ndi mbale ku Joni, kapena mwana amene mtima wake uli pa ulendo wa kunja. Ulendo wotere umayamba ndi kabuku kakang'ono, ndiko chiphaso choyendera, chimene ambiri amachitcha pasipoti. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inaleka kusindikiza ziphaso kwa masabata angapo. M'mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho, Dr. Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina a kompyuta a nthambiyo nafuna dipo, ndipo anapatsa nthambiyo masabata atatu kuti ipeze njira yoyambiranso ntchito. Kusindikiza kunayambanso mu Malichi, koma odikira anali ataunjikana kale: ophunzira, amalonda, odwala ofuna chithandizo kunja, ndi achinyamata olonjezedwa ntchito.

Kodi Malemba ali ndi mawu kwa munthu amene wayima pamzere wotere? Sabata ino tiona kuti ali nawo, ndipo ndi ambiri.

SANDE

Makalata a Mfumu (Nehemiya 1:1–2:9)

Kodi Nehemiya anapempha chiyani kwa mfumu Aritasasta asananyamuke kupita ku Yerusalemu? Nehemiya 2:7, 8.

Nehemiya anali woperekera chikho wa mfumu ya Perisiya, munthu wodziwika kunyumba yachifumu. Komabe sanadalire kudziwika kwakeko. Anapempha makalata opita kwa akazembe a tsidya lija la mtsinje wa Firate kuti amulole kudutsa kufikira ku Yuda, ndi kalata ina yopita kwa Asafu, wosunga nkhalango ya mfumu, kuti ampatse mitengo. Makalata amenewo anagwira ntchito imene chiphaso chimagwira lero: anatchula mwini ulendo, nasonyeza ulamuliro umene unamulola kuyenda. Ntchito inali ya Mulungu, koma mtumiki wa Mulungu anaiyendera ndi zikalata zoyenera.

Yerekezani mwezi wotchulidwa pa Nehemiya 1:1 ndi wa pa 2:1. Panapita nthawi yotani, ndipo Nehemiya anaigwiritsa ntchito motani?

Mbiri ya kupasuka kwa linga inamfika m'mwezi wa Kisilevi, koma mpata wolankhula ndi mfumu unapezeka m'mwezi wa Nisani, patapita miyezi ngati inayi. M'miyeziyo anasala kudya, napemphera, naulula machimo a mtundu wake. Anakonzekeranso, pakuti mfumu itamfunsa za kutalika kwa ulendo, yankho anali nalo, ndipo anadziwa ndi dzina lomwe la wosunga nkhalango. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwa Nehemiya kunali kwa munthu amene manja ake ali pa ntchito.

Makolo athu anadziwa maulendo a zikalata kalekale. Ambiri anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, kufikira mu Epulo 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu. Kulemba kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nikutha mu 1988. Chiyambire pamenepo, wopita ku Joni amadziyendera yekha, ndipo chiphaso ndicho chokha chimene chimamulankhulira pachipata cha Dedza, cha Nyamapanda ndi cha Beitbridge.

Ngati mukudikira chikalata china chilichonse, kodi mukuchita chiyani ndi masiku a kudikirako? Kodi adzakupezani okonzeka mpata ukatseguka?

LOLEMBA

Mpukutu Woiwalika (Ezara 4:24–6:12)

Nchiyani chinachitika pamene Tatenai anafuna kudziwa amene analola Ayuda kumanga kachisi? Ezara 5:3–17, 6:1–5.

Mfumu Koresi inalamula kuti kachisi amangidwe, ndipo lamulolo linalembedwa. Koma zaka zinapita, adani anafooketsa omanga, ndipo ntchito inaima kufikira chaka chachiwiri cha Dariyo. Itayambanso, kazembe Tatenai analembera mfumu kuti afufuze ngati chilolezocho chinalipodi. Anafunafuna ku Babulo m'nyumba yosungira mabuku, koma mpukutuwo unakapezeka ku Akimeta, m'dera la Amedi. Chilolezo chinali choona kuyambira pachiyambi, koma chinagona kumalo kumene sanayambire kufuna. Taonani pa 5:5 kuti diso la Mulungu linali pa akulu a Ayuda nthawi yonse imene nkhani inali m'njira.

Kuunjikana kwa mapempho timakumvetsa tikaganiza za chigayo. Magetsi akazima masiku atatu, amayi saleka kubwera ndi chimanga, ndipo matumba amachuluka pakhonde. Magetsi akayaka, mzere sutha tsiku lomwelo, pakuti chigayo chiyenera kugaya za dzana pamodzi ndi za lero. Ngati sichigaya koposa masiku onse, muluwo sudzatha. Ndi mmenenso zimakhalira m'maofesi. Mu Disembala 2021 boma la Malawi linathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain, imene inkayendetsa makina a ziphaso. M'zaka zotsatira timabuku tosindikizapo tinkaperewera, kenaka kunadza kuima kwa mu 2024. Vutoli silinali lathu lokha. Ku South Africa, pofika chaka cha 2024, unduna wa za m'dziko unali ndi mapempho a zilolezo oposa 300,000 osayankhidwa, ena a zaka ngati khumi. Muluwo unaphwasuka pamene undunawo, motsogozedwa ndi nduna Leon Schreiber, unaika anthu apadera pa ntchitoyo.

Pamenepa pali phunziro kwa abale ndi alongo ogwira ntchito m'maofesi, kaya a boma, a sukulu, a chipatala kapena a mpingo. Pepala lililonse limene lili patebulo panu ndi munthu. Woperekera chikho wa Farao anaiwala Yosefe, ndipo kuiwala kwa munthu mmodziyo kunasunga wosalakwa m'ndende zaka zina ziwiri (Genesis 40:23, 41:1). Miyambo 13:12 imatiphunzitsa kuti mtima umadwala chiyembekezo chikachedwa. Wozengereza pa ntchito yake amadwalitsa mitima ya anthu amene mwina sadzawaona nkomwe.

Kodi m'manja mwanu muli pempho la munthu wina limene lagona nthawi yaitali? Alembi a mpingo, nanga makalata osamutsira maina a abale amene anasamuka?

LACHIWIRI

Felike ndi Chiphuphu (Machitidwe 24:22–25:12)

Chifukwa chiyani kazembe Felike anasunga Paulo m'ndende zaka ziwiri osagamula mlandu wake? Machitidwe 24:26, 27.

Luka akutchula zifukwa ziwiri. Felike anayembekeza kuti Paulo ampatsa ndalama, ndipo anafuna kukondweretsa Ayuda. Kuchedwa kumeneku kunali kwadala. Ankamuitana kawirikawiri nakamba naye, monga wonena kuti khomo lingatseguke ngati pali kangachepe. Paulo anali atangobwera ndi zopereka za mipingo ku Yerusalemu (24:17), ndipo anali ndi abwenzi amene akanatha kusonkha. Akanatha kunena kuti Uthenga Wabwino ukuchedwa, ndi kuti ndalama pang'ono zingamasule mtumwi wa amitundu. Sanatero; anakhala ku Kaisareya zaka ziwiri kufikira Festo analowa m'malo mwa Felike.

Werengani Eksodo 23:8 ndi Deuteronomo 16:19. Kodi chiphuphu chimachita chiyani kwa wolandira? Nanga kwa amene alibe chopereka?

Paliponse pamene mzere watalika pamabuka madobadoba, anthu olonjeza kufulumizitsa zinthu ngati muwapatsa kenakake. Tibwererenso kuchigayo kuja. Mayi akapatsa wogayitsa ya fanta kuti thumba lake lipite patsogolo, chigayo sichithamanga koposa kale. Changosintha ndi malo a matumba. Amene wabwezedwa m'mbuyo ndi mayi wamasiye uja anafika m'mamawa ndi ndalama yogayitsira yokha. Chotero wopereka chiphuphu amagula malo a mnzake wosauka, ndipo amaphunzitsa wogwira ntchito kuti kuchedwetsa kuli ndi phindu. Lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa kuba, limafikanso pamenepa.

Koma kukana chiphuphu sikutanthauza kukhala chete. Paulo anadziwa ufulu wake monga nzika ya Roma. Anautchula ku Filipi (16:37), anautchula ku Yerusalemu pamaso pa kapitao wamkulu amene anachita kugula unzika wake ndi ndalama zambiri (22:25–28), ndipo pamaso pa Festo anapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaisara. Mkazi wamasiye wa pa Luka 18:1–8 anabwera kwa woweruza kawirikawiri kufikira anathandizidwa. Mkhristu angathe kusunga malisiti ake, kufunsa mwaulemu, kulemba kalata yodandaula, kupita ku ofesi ya Ombudsman, ndi kukanena ku bungwe lothana ndi ziphuphu ngati wina wamuumiriza kupereka. Zonsezi ndi njira zoyera.

Mbale wagulitsa mbatata zake zonse kuti apeze chiphaso, ndipo ntchito imene analonjezedwa ikutha nthawi. Dobadoba wamuuza kuti angathe kumuthandiza. Mungamulangize motani, osapeputsa kuwawa kwake?

LACHITATU

Njira za Madulira (1 Samueli 13:5–14)

Kodi Sauli anapereka zifukwa zotani pamene analephera kudikira Samueli ku Giligala? 1 Samueli 13:11, 12.

Zifukwa za Sauli zinali zomveka m'makutu a munthu. Anthu ake anali kubalalika, Afilisti anali atasonkhana ku Mikimasi, ndipo Samueli anaoneka ngati wachedwa pa masiku asanu ndi awiri amene anapangana. Sauli anapereka yekha nsembe imene sinali yake kupereka, ndipo atangomaliza Samueli anafika. Anadikira pafupifupi nthawi yonse, nalephera pa maola otsiriza, ndipo ufumu unachoka pa banja lake. Abramu ndi Sarai nawonso anafuna kuthandiza lonjezo lochedwa mwa njira yawo (Genesis 16), ndipo m'nyumba mwawo munalowa mkangano wosatha.

Chiphaso chikachedwa, woyesa amabwera ndi njira zake: kuyenda ndi chiphaso cha munthu wina, kusintha dzina kapena zaka zobadwa, kugula chidindo chabodza, kapena kudzipereka kwa ozembetsa anthu amene amadutsitsa kuthengo usiku. Mapeto a njira zimenezi tawaona pafupi ndi kwathu. Mu Malichi 2020, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anapeza mitembo ya anthu 64 a ku Ethiopia m'chigalimoto chonyamula katundu chimene chinachokera ku Malawi. Anafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo opulumuka anali 14 okha. Onsewo anali ana a anthu, ndipo ananyamuka kwawo ndi chiyembekezo chonga cha ana athu.

Palinso msampha wina kwa amene analowa bwino. Mmalawi wofika ku South Africa ndi chiphaso amapatsidwa masiku 30 a kucheza, osati chilolezo cha ntchito. Malamulo amene anayamba mu 2014 amati wopitirira masiku ake aletsedwe kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi kufikira zaka zisanu, malingana ndi kutalika kwa kupitirirako. Ogwidwa opanda zikalata ambiri amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Munthu wopanda zikalata amakhala mwamantha. Bwana akamumana malipiro sangadandaule, ndipo akamukakamiza kugwira ntchito pa Sabata alibe pothawira. Njira imene inaoneka yaifupi imamumanga zaka zambiri.

Sitinena izi poweruza abale athu amene umphawi unawakankhira m'njira zotere. Ambiri a iwo ndiwo amatumiza ndalama za feteleza ndi za sukulu kumudzi kuno. Tiyenera kuwapempherera ndi kuwalimbikitsa kukonza zikalata zawo, ndiponso kuuza zoona achinyamata amene sananyamuke.

Werengani Aroma 13:1–7 pamodzi ndi Machitidwe 5:29. Kodi malamulo a zipata za maiko amatsutsana ndi lamulo la Mulungu, kapena amangotsutsana ndi changu chathu?

LACHINAYI

Mlendo Wodikira Pakati Pathu (Levitiko 19:33, 34)

Kodi Mulungu anapereka chifukwa chotani polamula Aisraele kukonda mlendo? Levitiko 19:34, Eksodo 23:9.

Mulungu anakumbutsa anthu ake kuti iwonso anali alendo m'dziko la Aigupto, ndi kuti mtima wa mlendo amaudziwa. Tikamadandaula za mmene ana athu amadikirira kunja, tisaiwale kuti m'dziko lathu muli anthu amene akudikira ife. Msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo unakonzedwera anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000. Pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pawo pali amene adikira zaka zambiri kuti pempho lawo lozindikiridwa monga othawa kwawo liyankhidwe, ndi ena amene akudikira dziko lachitatu loti liwalandire. Ana abadwira mumsasamo nakula, makolo awo akali pamzere. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo amene ankakhala m'matauni ndi m'midzi abwerere kumsasako, ndipo kuthithikana kunakula.

Achikulire a ku Dedza akukumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'Malawi, ambiri nakhala m'maboma a m'malire monga Dedza ndi Ntcheu. Anthu athu anagawana nawo minda, zitsime ndi nyumba zopemphereramo kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ndipo alendowo anayamba kubwerera. Cholowa chimenecho cha kuchereza alendo ndi chathu, ndipo sitiyenera kuchitaya.

Werengani Mateyu 2:13–15 ndi 25:35–40. Kodi Yesu akudziika mbali iti ya chipata?

Ambuye wathu ali khanda anadutsa malire usiku m'manja mwa makolo othawa lupanga la Herode, nakhala m'dziko la eni kufikira mngelo ananena kuti nthawi yakwana. Pa chiweruzo adzawerenga zimene tinachitira mlendo monga zochitira Iye mwini.

Mpingo sungasindikize chiphaso, koma uli ndi zambiri zimene ungachite. Odziwa kulemba angathandize okalamba ndi osaphunzira kulemba mafomu molondola, kuti pempho lisabwezedwe chifukwa cha dzina losiyana ndi la pa chitupa cha unzika. A Dorika angayendere amayi ndi ana amene bambo awo anatsekerezeka kunja. Akulu a mpingo angalembere mipingo ya kumene ana athu apita, kuti akalandiridwe ndi abale m'malo mogwa m'manja mwa anthu achinyengo.

Kodi kalasi lanu lingasankhe banja liti lodikira, kuti liliyendere mwezi uno?

LACHISANU

Bwalo Limene Siliiwala (Danieli 7:9–14, 2 Petro 3:3–13)

Ife Aadiventi ndife anthu obadwa m'kudikira. Okhulupirira amene anamva ulaliki wa William Miller anayembekeza Ambuye pa 22 Okutobala 1844, ndipo tsikulo linapita Iye osaoneka. Ambiri anabwerera m'mbuyo. Otsalawo anatonthozedwa ndi vesi lathu loloweza, nabwerera ku Malemba, namvetsa kuti masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 analoza ku chiyambi cha ntchito yachiweruzo m'kachisi wa kumwamba. Danieli anaona bwalo litakhala ndi mabuku atatsegulidwa, ndipo mlandu unagamulidwa mokomera opatulika a Wam'mwambamwamba (7:22).

Paulo akutiuza pa Afilipi 3:20 kuti kwathu kwenikweni, kumene tinalembedwa monga nzika, ndi kumwamba. Tingathe kunena kuti nafenso tili ndi pempho limene lili pamaso pa bwalo. Koma taonani kusiyana kwake. M'bwalo limenelo mulibe mpukutu wotayika monga wa Koresi, mulibe woiwala monga woperekera chikho wa Farao, ndipo mulibe Felike woyembekeza ndalama. Mtengo wake unalipiridwa kale ndi mwazi wa Khristu (1 Petro 1:18, 19), ndipo Iye amene analipira ndiye Nkhoswe yathu (1 Yohane 2:1). Danieli atapemphera masabata atatu osaona yankho, mngelo anamuuza kuti mawu ake anamveka kuyambira tsiku loyamba (10:12, 13).

Nanga Ambuye achedweranji? Petro akuyankha kuti si kuzengereza monga anthu amayesera, koma kuleza mtima, pakuti safuna kuti wina atayike. Ofesi ikachedwa, odikira amataya mwayi. Mulungu akaleza, ochimwa amapeza mpata wolapa. Kuchedwa kwa anthu tiyenera kukutchula kuti ndi cholakwa ndi kupempha kuti kukonzedwe. Kuleza kwa Mulungu tiyenera kukuyamika ndi kukugwiritsa ntchito, tisanafanane ndi zengerezu amene analinda kwawukwawu. Ndipo munthu amene waphunzira kuima pamzere wa padziko ndi manja oyera akuphunzira chipiriro chomwecho cha oyera mtima chotchulidwa pa Chivumbulutso 14:12.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Ena amati kupereka kangachepe kuti ulandire chimene ndi chako kale si tchimo, pakuti wolakwa ndi wopemphayo. Kodi chitsanzo cha Paulo pamaso pa Felike chikuyankha motani maganizo amenewa?

2. Kodi kudekha kwachikhristu kumasiyana bwanji ndi kungokhala chete pamene zinthu zikulakwika? Yerekezani Nehemiya, Paulo ndi mkazi wamasiye wa pa Luka 18.

3. Kodi ife otsala kumudzi timawakankhira ana athu m'njira za madulira ndi zofuna zathu ndi mawu athu oyerekeza ndi ana a anzathu? Tingasinthe chiyani?

4. Werengani Mateyu 24:45–51. Kodi kapolo woipa anayamba kuchita chiyani kwa anzake ataganiza kuti mbuye wake wachedwa? Chenjezo lake ndi lotani kwa mpingo wodikira?

Mwachidule: Atumiki a Mulungu anadikira makalata a mafumu ndi zigamulo za akazembe, ena miyezi, ena zaka. Amene anakhulupirika anakonzekera, anapempha chilungamo poyera, anakana kugula malo a mnzawo, ndipo anakumbukira mlendo. Tichite chomwecho kufikira tsiku limene Mfumu yathu idzaitana maina olembedwa m'buku la moyo, ndi kutsegula zipata za mudzi umene sizidzatsekedwanso.